Dizilo wa a Chabwera anandidya zala ziwiri

Wondilakwira ine ndi bambo Chabwera, amalonda a ku Ntcheu amene ali ndi sitolo moyang'anizana ndi msika pa Chitipa Boma pano. Lole yawo inandidya zala ziwiri za kudzanja lamanja iwo ataima pomwepo, ndipo bala lisanapole n'komwe anandiveka dzina la wakuba. Dzina lawo ndalitchula dala. Langa sinditchula, chifukwa mukafika pa Boma pano n'kufunsa za mnyamata wa zala zitatu, ngakhale mwana akulozerani. Inu owerenga, makamaka inu oyendetsa malole ndi inu a m'zigayo, imvani zimene dizilo amachita akakupeza uli ndi bwana wouma mtima komanso iwe mwini uli wosauzika.

Ine mtima wanga ndi wapachala, zimenezo sindibisa. Sukulu ndinailekera mu sitandade sikisi nditakangana ndi aphunzitsi, ndipo bambo anali atamwalira kale moti panalibe wondibweza ndi chikoti. Inali nthawi imene matipate anali atangoyamba. Aliyense wokhala ndi kenakake m'thumba anatsegula geni, katundu wa ku Tanzania ndi ku Zambia anadzaza pamsika, ndipo malole anachuluka. Ine ndinkanyamula matumba. A Chabwera anandiona kuti ndine wamphamvu, ananditenga kuti ndizikweza ndi kutsitsa katundu pa lole yawo. Pang'onopang'ono ndinaphunzira chiwongolero, ndinatenga laisensi, ndipo dalaivala wawo atachoka lole inakhala m'manja mwanga. Kuyambira pamenepo nyimbo yawo inali imodzi: ndinakutola pamsika ukununkha thukuta. Ife tinkawaitana kuti tajiri, monga amatchulira bwana anzathu a kumalire.

Lole yake inali yakale, yabuluu, ija yotukula mutu ukafuna kuona injini. Ntchito yake yaikulu inali kukwera ku Misuku kukatenga khofi, nyemba ndi nthochi, kenako kutsikira nazo ku Karonga, msewu usanaone phula. Ndinkaikonda lole imeneyo kuposa mmene mwini wake ankaikondera. Dizilo wathu anali wa m'migolo, choncho pothira m'thanki ndinkayamba ndatchinga kansalu pakamwa pa fanulo. M'mawa uliwonse ndinkamasula kabawuti ka pansi pa fyuluta kuti madzi okhazikika atuluke. Ikamwa mpweya ndinkadziwa kupopa kapampu ka pamanja mpaka thovu litatha. Zonsezi ndinaphunzira poonerera, ndipo ndinkadziyesa fundi, makaniko weniweni.

Koma ndinkangodziwa theka la ulendo wa dizilo. Kuchokera m'thanki, kudutsa mu fyuluta mpaka kufika pa pampu yaikulu, dizilo amayenda mofatsa, ukhoza kusambamo m'manja. Akatuluka mu pampu n'kulowa m'timapaipi tachitsulo topita ku manozo, timilomo tothira mafuta mu injini, si yemwe uja ayi. Mmenemo amakankhidwa ndi mphamvu yoopsa. Pakakhala kamng'alu, amatuluka ngati kaulusi koti maso sakuona bwino, koma kaulusi kameneko kamaboola khungu la munthu. Palibe anandiuzapo zimenezi.

Vuto linayamba chonchi. Kachitsulo kogwira timapaipi tija pamodzi kanagwa m'mabampu a ku Misuku. Ndinawauza a Chabwera, anati lole siyendera kachitsulo. Paipi yachitatu inayamba kunjenjemera yokha mpaka inang'aluka pafupi ndi nati. Ndinawauza kuti tigule ina, iwo anaitenga n'kupita nayo kwa mkulu wowotcherera njinga ndi makasu kuseri kwa msika. Inagwira masabata angapo, kenako injini inayamba kutsimphina pachitunda. M'mbali mwake munkanyowa, fumbi n'kumamatira ngati phala. Fungo la dizilo linkalowa mpaka mokhala dalaivala, zovala zanga zonse n'kumanunkha. Malo amene kale ndinkakwera ndi giya yachitatu tsopano ndinkakwawa ndi yachiwiri, ndiye mafuta ankatha msanga.

A Chabwera anali ndi kandodo ka nsungwi kolembalemba ndi mpeni, koyezera thanki. Ndikabwera ku ulendo ankakaviika, n'kukayang'ana, n'kundiyang'ana ine. Tsiku lina anandiuza poyera kuti ndikumagulitsa dizilo wawo kwa a zigayo m'njira. Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti mafuta akuthera pa paipi yawo yachigamba ija. Anati chabwino, ulendo wotsatira tipitira limodzi, akaone ndi maso awo.

Tinafika ku Misuku m'mawa, nkhungu isanachoke m'nkhalango ya Mughese. Pamalo pokwezera katundu panali alimi a khofi ndi matumba awo, ndiponso amayi ambiri ndi mikoko ya nthochi. A Chabwera anatsika, anapatsa anthu moni wawo wa Chitumbuka chophunzira uja, monile mose, kenako anaviika kandodo kawo m'thanki anthu onse akuona. Anagwedeza mutu. Ine ndinatukula mutu wa lole injini ikulira, ndinawauza kuti bwerani muone.

Anaima chapatali, manja kumbuyo. “Dizilo wako wochuchayo ali kuti? Ine ndikungoona thukuta la injini.”

“Pa paipi yachitatu paja munawotcherera, tajiri.”

“Maso anga akalamba, mphwanga. Gwira pomwepo ndione. Kapena mwamuna wa ku Ulambya amaopa kunyowa chala?”

Ku Ulambya ndiye kwathu. Amayi aja anaseka. Inu owerenga, kuseka kwa amayi amenewo ndi kumene kunandimaliza. Ndinaika chala chamkombaphala pachigamba paja n'kukanikiza, kuti aliyense aone. Nthawi yomweyo a Chabwera anauza munthu wina amene anali m'mbali mwa pampu kuti akankhe kachitsulo kowonjezera moto. Injini inabangula. Ndinamva ngati njuchi yandiluma. Nditachotsa chala panali kadontho kakang'ono ngati pobaya singano, magazi osatuluka n'komwe. Chala chinangoyera n'kuzizira. Ndinachionetsa kwa a Chabwera chikudontha dizilo, ine n'kumadziona ngati ndawina mlandu. Iwo anati dontho ngati limenelo silingamalize thanki. Za balalo anati ndipakepo mafuta a mabuleki, mankhwala a ife a m'malole, ndimange kansanza, tikweze katundu.

Ndinatero. Pofika pamphambano ya Kapoka chala chinali chikugunda ngati muli mtima wachiwiri. Tinafika pa Boma madzulo dzanja litayamba kutupa. M'mawa mwake ndinawapempha kuti ndiyambe ndadzera kuchipatala. Anandiyankha kuti chipatala n'cha odwala, osati cha olumidwa ndi njuchi, ndipo nthochi sizidikira munthu. Anawonjeza kuti ngati ndikufuna kuthawa nkhani ya mafuta ndingonena. Apanso mtima wanga unandigulitsa. Ndinakwera lole kuti asanene kuti ndathawa, ndinatsikira ku Karonga chiwongolero ndikuchigwira ndi chikhatho, chifukwa zala zinali zitakana kupinda.

Pobwerera ndinali ndikutentha thupi, msewu ndikuuona pawiri. Dzanja linali litafufuma mpaka pamfundo, chala chija chitada ngati nthochi yowola, ndipo chinayamba kununkha. Mayi anga, amene amagulitsa nthochi pamsika, anamasula kansanza kaja n'kuona dzanjalo. Anangondigwira mkono wabwinowo n'kundikokera kuchipatala ngati mwana.

Adokotala anandifunsa chimene chinandibaya. Nditawafotokozera anandiuza kuti kabala kaja kanali khomo chabe. Dizilo analowa mkati, anayenda motsata mitsempha, ndipo paliponse pamene anafika anapha mnofu. Anati ndikanabwera tsiku lomwelo akanang'amba n'kutsuka, mwina chala chikanapulumuka. Ananditumiza ku chipatala chokulirapo. Kumeneko anadula chamkombaphala. Patapita masiku anaona kuti chapakati nachonso chapita, anadulanso. Anandiuza kuti ndithokoze kuti dzanja latsala. Sindinathokoze. Ndinkangoyang'ana kudenga mano ali gwa.

Ndili chigonere pabedi paja ndi pamene ndinakumbukira chinthu china. Kale, ndikadali wokweza katundu, ndinawaonapo a Chabwera akufufuza pochucha pa injini yomweyo. Sanagwire ndi dzanja. Anang'amba chikatoni cha sopo, anachigwira kunsonga mkono atautambasula, nkhope atayang'ana kumbali, n'kumachiyendetsa m'mbali mwa timapaipi. Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti akuopa kudetsa malaya. Munthu ameneyu anayendetsapo malole a m'maesiteti a fodya asanayambe sitolo. Ankadziwa. Pamene ankandiuza kuti gwira pomwepo, manja awo anali kumbuyo.

Kuchipatala sanabwereko ngakhale tsiku limodzi. Nditatuluka ndinapeza nkhani yandidikira. A Chabwera anali atanena pakhonde la sitolo yawo, anthu ali pabawo, kuti katundu wawo sapita pachabe, wogwira cha mwini dzanja limadzanena lokha. Anangonena zomwezo basi. Koma inu mukudziwa mmene mawu otere amakulira kwathu kuno. Pofika kumsika nkhani inali yoti lole ya a Chabwera ndi yotsirika, ndipo zala zanga zinawola chifukwa ndinkaba dizilo. Anthu ankati taonani, kabala kosatuluka magazi kangadye bwanji zala ziwiri ngati si mankhwala? A Chabwera ndi mkulu wa mpingo. Sananene kuti anatsirika, koma sanatsutsenso. Nkhaniyo inkawalondera katundu kuposa mlonda.

Zala zitatu zimagwira chiwongolero bwinobwino, ndinadziyesa pa lole ya mnzanga. Koma mwini lole aliyense amene ndinamupempha ntchito ankayang'ana dzanja langa, kenako thanki yake, n'kundiuza kuti ndidzabwerenso. Chimene chinandiwawa koposa ndi cha mayi. Pamsika amayi amasiyirana malonda wina akamapita kukadya kapena kumaliro. Mayi anga kwa zaka zonsezo ndi amene ankasiyiridwa. Anzawo anayamba kuwadumpha, n'kumasiyira wa kutsogolo. Sanandidandaulire, ndinaziona ndekha. Tsiku lina mnyamata wina pabawo anandikuwiza kuti bwera ndikugule malita awiri. Ndinamumenya ndi dzanja lamanzere mpaka anthu anandikanganula, ndipo nkhani inakathera kupolisi. Mukuganiza kuti zinathandiza? Anthu anangoti wakuba uja ndi wandewunso.

Ndinabwereka njinga kwa msuweni wanga n'kuyamba kunyamulira anthu katundu kuchokera kumalire. Chaka chinatha ndikupalasa. Lole yabuluu ija ikandidutsa ndinkaimva kuti ikutsimphinabe, ndipo ndinkadziwa kuti paipi ija sanasinthe.

Tsono ndisanakuuzeni mmene zinathera, imvani izi, chifukwa ine ndinazigula ndi zala. Injini ya dizilo ikamalira, dzanja lanu lisayandikire timapaipi ta pakati pa pampu ndi manozo, kaya ndi pa lole, pa thirakitala kapena pa chigayo. Mukafuna kuona pochucha, zimitsani, pukutani paume, lizaninso, muyang'ane muli patali. Mukafuna kutsimikiza, tumani chikatoni chomangirira kundodo, chikabooke ndicho. Paipi yong'aluka siwotchereredwa, imasinthidwa, ndipo kachitsulo kogwira timapaipi kakagwa musayende mpaka mutabwezera. Dizilo akakubayani, ngakhale bala lichepe ngati la utitiri, siyani lole pomwepo, katundu awole, inu thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Mukafika musanene kuti ndabayidwa basi, nenani kuti mafuta alowa mkati ndi mphamvu ya pampu. Mafuta a mabuleki ndi a mabuleki. Ndipo inu anyamata anzanga opsa mtima msanga, munthu akadziwa kuti simufuna kusekedwa, wapeza chingwe chokukokerani. Ine anandikoka nacho kawiri, ku Misuku ndi pa Boma, ndipo kawiri konse ndinatsatira ndekha.

Tsiku limene ndikufuna kukuuzani linali la msika waukulu, dzuwa lili pamutu. Ndinkachokera kumalire ndi thumba la mpunga pakaliyala. Kutsogolo kwa sitolo ya a Chabwera ndinaona lole ija mutu uli m'mwamba, injini ikulira. Dalaivala amene analowa m'malo mwanga anali a Kayange, bambo wachikulire wa ku Misuku, wofatsa, wa ana ake kunyumba. Anali ataima pafupi ndi injini chipewa chili m'manja. A Chabwera anali chapatali, kandodo ka nsungwi kali kukhwapa. Sindinamve mawu onse chifukwa cha phokoso, koma ndinamva akuti maso anga akalamba. Ndinaona a Kayange akupinda mkono wa malaya.

Njinga ndinangoisiya igwe ndi mpunga womwe. Ndinawagwira a Kayange kolala n'kuwakokera kumbuyo mpaka anakhala pansi. “Pepani adada,” ndinatero, “muli ndi ana.”

Anthu anayamba kusonkhana, poganiza kuti ndewu yayambika. A Chabwera anakuwa kuti wakuba uja wabweranso, wina akaitane apolisi. Kunena zoona, dzanja lamanzere linali litakunga kale chibakera. Koma m'gulu muja ndinaona mayi anga atathamanga kuchokera pamalo awo, phava la nthochi likadali m'manja. Ndinamasula chibakera. Ndinathyola nthochi imodzi yakupsa pa phava lija, ndinasolola kandodo kukhwapa kwa a Chabwera, ndinabaya nthochiyo kunsonga kwake. Kenako ndinapempha a Kayange kuti akankhe kachitsulo kowonjezera moto.

Injini inabangula. Ndinatambasula mkono ngati mmene ndinawaonera eni ake kale, n'kugunditsa nthochi ija pachigamba cha paipi yachitatu. Ndinaichotsa, ndipo a Kayange anazimitsa injini. Ndinapukuta nthochiyo pamalaya n'kuionetsa kwa anthu. Khungu linali losalala, kupatula kadontho kamodzi ngati pobaya singano. Ndinaipereka kwa mayi wina wa pamzere wa nthochi, mmodzi wa aja ankadumpha mayi anga, ndinati asende. Anasenda. Mkati munali mutanyowa chikasu chakuda kuyambira pakadontho paja kutsika m'munsi. Anainunkhiza, anakwinya nkhope n'kunena mokweza kuti dizilo yekhayekha. Nthochi inayenda m'manja mwa anthu, aliyense akununkhiza n'kupatsira mnzake. Mkulu wina wa pabawo anati, “Yayi, apa mankhwala palije,” ndipo ena anayamba kung'ung'udza.

A Chabwera anayesa kuseka, anati zimenezo ndi masewera a ana. Ndinauza a Kayange kuti alizenso injini. Italira ndinapatuka n'kuwasiyira a Chabwera njira yopita pa paipi paja. Anthu nawonso anapatuka. Bambo aja sanasunthe. Manja awo onse awiri anapita kumbuyo, monga anachitira ku Misuku, koma ulendo uno msika wonse unawaona.

Sindinawamenye. Ndinayandikira mpaka tinayang'anizana, ndinakweza dzanja langa lamanja pamaso pawo kuti awerenge okha zotsala, ndipo ndinalankhula mokweza kuti ndipose injini.

“A Chabwera, nthochi ya mayi angayi yakuberani chiyani? Ngati dizilo wanu amaluma akuba okha, inu ndinu mwini wake, gwiranipo tione. Simungagwire, chifukwa mukudziwa lero ndipo munkadziwa tsiku lija. Mumati munanditola pamsika. Eya, munanditola ndili ndi zala khumi ndi dzina labwino. Zala ziwirizo khalani nazo, sizimeranso. Koma dzina langa ndalitenga pompano, pamaso panu, ndipo lanu mulitole nokha.”